Tchizi Chimene Chinanditsekera ku Mhuju

Boma litanditumiza ku Mhuju kukakhala mlangizi wa zaulimi, bwana amene anandituma anandigwira paphewa n'kunena kuti ndi za kanthawi kochepa. Bwanayo anapuma ntchito. Amene analowa m'malo mwake anapumanso. Ine ndikulemba izi ndili ku Mhuju.

Akazi anga ndi mwana wathu wamkazi anatsala ku Dedza, poti mayiwo ndi namwino ndipo kuchipatala kwawo sakanawalola kuchoka. Ndiye chimene ndinkafuna pa dziko lino chinali chimodzi basi, choti andisamutse ndibwerere kufupi ndi banja langa. Pemphero langa linali lalifupi moti ndinkalimaliza ndisanatseke maso onse awiri.

Ndinapeza nyumba ya lendi kuseri kwa nyumba ya mayi wina wamasiye, amene amuna awo anali mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya mishoni. Aliyense ankawatchula kuti amama, nanenso ndinatengera pomwepo. Iwo ankanditchula kuti adada, ngakhale kuti mwana wawo womaliza anali wamkulu kwa ine. Amama anali ndi ng'ombe imodzi ya mkaka, yamawanga akuda ndi oyera, ndipo sindikuwonjezera ndikamanena kuti bere lake linkafika kukhola ng'ombeyo ikadali panjira. Wokayika apite akaone khomo la kholalo. Anachita kulikulitsa.

Tsiku limene ndinafika, fumbi lili ndi m'makutu momwe, anandilandira ndi kapu ya mkaka wofunda. Ndinamwa, ndinapukuta pakamwa, kenako ndinachita zimene munthu woleredwa bwino amachita kwathu. Ndinati chibadwire sindinamwepo mkaka wotere, kuti ine popanda mkaka si munthu, kuti chimene ndinkaopa pobwera kumpoto kuno n'choti ndidzausowa. Kwathu mawu otere ali ngati madzi osamba m'manja, ukatha nawo umataya. Ku Mhuju amawasunga.

"Yewo chomene, adada," anathokoza amama m'Chitumbuka. "Ndiye nkhawa imeneyo yatha lero."

M'mawa mwake ndinapeza jagi ya buluu pakhomo, yodzaza mpaka m'khosi, atavundikira ndi kansalu koluka ka mikanda m'mphepete. M'mawa winawo, jagi. Lamulungu, asanapite kutchalitchi, jagi.

Tsono ine ndi mkaka sitinagwirizanepo. Kapu imodzi yokha, m'mimba mwanga mumayamba msonkhano wopanda wapampando. Chimbudzi chinali chimodzi cha nyumba ziwirizo, ndipo njira yake inkadutsa pakhonde pa amama, pamene ankaswera akuluka. Kuno munthu wamkulu sumudutsa ndi moni wa dzanja. Umaima. Amakufunsa mmene waswerera, mmene aswerera a ku Dedza, mmene kulili kuntchito, ndiponso ngati fodya wa chaka chino ali ndi tsogolo. Chitumbuka ndinachiphunzira nditapanikiza miyendo, ndipo mpaka lero anthu amati ndimachiyankhula mothamanga.

Kutaya sikunatheke. Ndinayesa kuthira kuseri kwa nthochi, koma agalu a m'mudzi monse anayamba kuswera pakhomo panga, kuphatikizapo awiri a ku Chiweta, kunyanja, amene anakwera chitunda chonse cha kumeneko atamva mbiri. Amama anafunsa ngati ndili ndi mankhwala oitanira agalu, ndipo ndinasiya. Kugawira ena sikunathekenso, pakuti aliyense kumeneko ndi mbale wa amama, ndipo mkaka wa ng'ombe ija amauzindikira ndi fungo. Kukana ndiye ayi. Mayi amene anasesa nyumba ndisanafike, n'kundibwereka mpando wa malemu amuna awo, ndikawauze kuti zija ndinanena zinali za pakamwa chabe? Komanso nyumba ina ya lendi yokhala ndi chitseko kunalibe.

Panalinso lamulo la jagi. Chiwiya cha mnzako sichibwerera chopanda kanthu. Ndinabweza jagi muli tomato, muli shuga, muli sopo, muli machesi. Tsiku lina ndinaunguza m'nyumba monse n'kupeza kuti chotsala choti n'kuika m'jagimo ndi sokosi.

Mkaka unadzaza mapoto onse awiri, ketulo, ndowa, mpaka beseni losambira. Ndinkasamba ndi kapu. Ndinaganiza zoimbira akazi anga. Netiweki inkapezeka pa kamtunda ka kuseri kwa msika, utayang'ana kumapiri, utakweza chigongono.

"Ndiye mwandiimbira kuti muli ndi mkaka wambiri," anatero. "Anthu akuvutikadi kumpotoko."

"Mayi, ndikumira."

"Pakamwa panu paja ndi pamene pakumizani. Munawauza chiyani?"

"Ndinangoyamikira."

"Kuyamikira kwanu ndimakudziwa. Munayamikira thobwa la azakhali paukwati wathu, mpaka lero likubwerabe. Mandimu aliko kumeneko?"

"Akugwa okha."

"Wiritsani mkakawo. Usasefukire. Ukangoyamba thovu m'mphepete, phulani. Mufinyiremo mandimu pang'onopang'ono mukutakasa, mpaka muone wadukaduka, zoyera pazokha, madzi achikasu paokha. Musefe pa nsalu yoyera, mumange, mupachike kuti madzi akhe. Yoyera ndati, bambo, osati malaya anu a kumunda aja."

"Ndiye chituluka n'chiyani?"

"Tchizi. Chofewa, chopaka pa buledi. Chimenecho mimba yanu ikhoza kuchilola, poti zambiri zokuvutitsanizo zimachoka ndi madziwo."

Nsalu yoyera m'nyumbamo inali pilokesi, mphatso ya paukwati, yopeta maluwa pakona. Ndinaichapa, ndinaiwiritsa, n'kuchita monga ndinauzidwa. Pamene mandimu anagwira, mkaka uja unagawanika ndikuona, ndipo ndinaima ndi mthiko m'manja ngati munthu woonera mdani wake akukangana ndi abale ake. Ndinapachika mtolowo pa mtanda wa denga, beseni pansi. Pofika madzulo ndowa yonse ya mkaka inali itasanduka chibulumwa chokwana m'mbale ya ndiwo. Chibwerere ku Mhuju, aka kanali koyamba kuona vuto langa likuchepa.

Chokha chinali chozizira m'kamwa, ngati kudya choko wonyowa. Ndinachiphwanya ndi foloko, ndinathira mchere, adyo wosinja, anyezi wa masamba woduladula, kambuzi mmodzi wamng'ono, ndi supuni ya mafuta a pamwamba pa mkaka kuti chiterere. Ndinalawa. Ndinakhala pampando kudikira msonkhano uja. Sunachitike. Ndinalawanso, mpaka ndinaona pansi pa mbale.

Ndikanalekera pomwepo bwenzi lero ndili ku Dedza. Koma jagi inkafunika kubwerera, ndipo m'nyumba munali sokosi ndi tchizi. Ndinasankha tchizi.

Amama anavundukula, anasuzumira, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Adada, mkaka wanga mwautani?"

"Ndauphika, amama."

"Waola?"

"Ayi, ndi tchizi. Amapaka pa buledi."

"Buledi kuno amabwera minibasi ikakumbukira."

Pambali pawo panali mbale ya chinangwa chophika. Anatenga chimodzi, anachinyema, anasolola mtsitsi wa pakati, ndipo m'ngalande imene mtsitsiwo unasiya anadzazamo tchizi ndi nsonga ya mpeni. Anatafuna nthawi yaitali moti nkhuku imene inkadutsa inaikira dzira n'kubwerera.

"Mchere wachepa," anatero.

Ndinadzazindikira pambuyo pake kuti pakamwa pa amama mawu amenewo ndi mendulo. Sabata yomweyo anatenga mbale yonse kupita nayo ku msonkhano wa amayi a kumpingo, ndipo pasanapite nthawi pakhomo panga panayamba kufika majagi amitundu ina. Obiriwira, achitsulo, zigubu za mafuta ophikira zotsukidwa, botolo la sobo. Anthu amene ndinkawayendera m'minda osadziwa kuti ali ndi ng'ombe, anapezeka kuti ali nazo. Ndipo chiwiya chilichonse chinkayenera kubwerera ndi kanthu.

Ndinaganiza kuti ndikawaphunzitsa amayiwo adzandisiya. Anabwera, anakhala pakhonde panga miyendo atatambasula, anaonerera, anafunsa mafunso anzeru kuposa amene ankafunsa pa nkhani ya manyowa. Anakaphika kwawo. Kenako aliyense anayamba kubwera ndi chake kuti ndilawe ndiweruze, ndipo mkaka sunasiye kubwera, poti tsopano unali wothokozera.

Kadyedwe kake ndiye anakatulukira okha, ndipo panabuka magulu. Amama anatsogolera a chinangwa. Mlamu wawo, amene sanagwirizanepo nawo pa chilichonse chikwatiwire m'banjamo, anatsogolera a mbatata yootcha, ankati uing'ambe ikadali yamoto kuti tchizi chisungunukire m'kati. Akazi a abusa ankachotsa adyo ndi mchere n'kuthiramo uchi, kupaka pa chikondamoyo, kumapereka ndi tiyi alendo akabwera. Mayi wina wogulitsa mandasi pamsika anayamba kuwaboola pambali n'kusokeramo supuni imodzi. Ena ankakolopola tomato n'kudzazamo, ena ankaika pa dzenje la nthanga ya peyala, anyamata a njinga zamoto ankapaka pa chimanga chootcha n'kuwaza tsabola. Mkulu wa mpingo wina anachiponya mu tiyi n'kutakasa. Nkhani imeneyo tinagwirizana zoti tisamaikambe.

Nyumba yanga inasanduka phanga. Pa mtanda uliwonse panalendewera mtolo, ndipo ndinkayenda chowerama kuchokera pabedi kukafika pakhomo. Kudontha sikunkatha, moti mwezi wa Okutobala, dzuwa likung'amba nthaka, ine ndinkatuluka ndi ambulera. Firiji kunalibe. Ndinkaika mbale yovundikira mumphika wadothi wa madzi ozizira, ndipo ngakhale choncho chinkafunika kudyedwa msanga chisanayambe kuwawasa. Wodya wake ndinali ine. Madzi achikasu aja amama ankatenga kukaphikira zigumu, zigumuzo n'kubwera kwa ine. Makondakitala a minibasi ankandizindikira ndi mimba ndisanatulukire pakona. Lamba ndinaboola bowo lina, kenako ndinamuvula. Masaya anga anayamba kuoneka ndili chofulatira, ndipo pali anthu amoyo amene angachitire umboni.

Apa m'pamene panali povuta, chifukwa dandaulo langa ku boma, chifikire, linali loti nyengo ndi zakudya za kuno sizikundiyanja ndipo ndikutha.

Mwezi wozizira unafika pamodzi ndi uthenga woti bwana watsopano wa ku boma akuyendera alangizi onse, ndipo akabwerera akasankha oti asamutsidwe. Tinali awiri amene tinkafuna kuchoka. Winayo anali mnzanga wa dera loyandikana nalo, wa ku Zomba, amene alimi ake ankamuona pa maliro pokha, ndipo pamaliropo ankafika atalawa kale. Sindinkamuwerengera.

Madzulo ena ndinakhala pansi pakhonde pa amama n'kuwauza zonse. Kuti mwana wanga akukula ndisakumuona. Kuti akazi anga amatchinga okha denga likadontha. Kuti ulendo uno ndi wokhawo. Anaika zoluka zawo pamwendo.

"Bwanji osanena kale, adada? Mwamuna kukhala kutali ndi banja si zabwino. Tikuthandizani."

"Mukangonena kuti ndimadwaladwala, amama. Basi. Kuti mumandimvera chisoni."

"Bodza ine ayi. Koma musadandaule. Malemu adada anu aja, amuna anga, atagwira bwino ntchito, a mishoni anawafunsa okha kumene akufuna kupita. Wantchito wabwino amapatsidwa chimene wapempha."

Ndinayesa kufotokoza kuti boma si mishoni. Anandimvetsera mwachifundo, ngati mmene umamvetserera munthu wa malungo, n'kupitiriza kuluka.

Ndinakonzekera ndekha. Ndinatsitsa mitolo yonse n'kuibisa m'khichini mwa amama, ndinatsegula mawindo, ndinafukiza masamba a bulugamu. Ndinabwereka jekete kwa mlonda wa pasukulu, munthu wamtali ngati mlongoti, kuti ndioneke ngati ndikusowa m'zovala. Ndinaphunzira katsokomola kouma, kaulemu, kosakokomeza. Pagome ndinasiya kapu ya madzi ndi mbale ya nyemba za dzulo.

Bwana anafika chakumasana pa galimoto yoyera. Anali munthu wochepa thupi, wa ku Mulanje, wooneka kuti watopa ndi misewu yathu. Analowa, anakhala pampando wa malemu uja, anayang'ana nyemba. Ndinatsokomola.

"Ndamva kuti simukupeza bwino kuno," anatero.

"Timangopirira, bwana."

"Koma nkhope ikukana."

"Ndi kutupa, bwana."

Anali atayamba kugwedeza mutu momvetsa, ndipo ndikulumbira kuti ndinaona msewu wa ku Dedza m'maso mwake, pamene kunja kunamveka nyimbo. Poyamba pansipansi, kenako mawu anayi onse. Ndinasuzumira pawindo. Amayi a kumpingo anali atandanda kuchokera kukhola mpaka pakhomo panga, atavala zoyera zawo, aliyense mbale m'manja yovundikira ndi kansalu. Patsogolo amama. Pambuyo pawo mlamu wawo, ndipo aka kanali koyamba m'mbiri ya banjalo kuti awiriwo ayende njira imodzi mogwirizana.

"Odi, abwana," anatero amama. "Tamva kuti mwabwera kudzaona mwana wathu. Simungapite ndi njala."

Anayala nsalu pagome, nyemba zanga n'kuziika pansi pa mpando. Chinangwa, mbatata ikufuka nthunzi, tomato wodzaza, mapeyala, mandasi, chikondamoyo cha uchi. Bwana anati wadya kale. Amama anamuthirira madzi osamba m'manja ngati sanamve. Anayamba ndi chinangwa, mwaulemu. Pa mbatata anamasula batani la m'khosi. Pa mandasi anaitana dalaivala wake.

"Izi mwazigula kuti?"

"Kugula? Ndi adada awa," anatero amama. "Kale mkaka unkangowonongeka, wogula kulibe, msewu mwauona nokha. Awa atiphunzitsa. Ana akudya, odwala akudya. Munthu uyu sagona, abwana. Alimi amamupeza nthawi iliyonse. Chibadwire sitinakhalepo ndi mlangizi wotere."

"Amama," ndinatero, "tiyi uja sakupsa?"

"Khalani chete, adada, akuluakulu akuyankhula."

Mlamu uja anaimirira n'kuwonjezera kuti tsiku limene ndidzachoke, Mhuju adzalira ngati pamaliro. Akazi a abusa anati dzina langa limatchulidwa m'mapemphero. Aliyense atamaliza, amama anapinda manja n'kufika pa mfundo yawo, mokhulupirika monga analonjezera.

"Ndiye pempho lathu ndi limodzi. Munthu wabwino chonchi mum'patse chimene akufuna. Akufuna kupita kwawo kwa akazi ake."

Bwana ananyambita chala, anandiyang'ana, anayang'ana jekete, anayang'ana mbale.

"Mayi," anatero, "mukudziwa kuti kumene ndikuchokera m'mawa uno anthu anandidikirira pamsewu? Akuti mlangizi wawo ndimutenge lero lomwe, ngakhale pa denga la galimoto. Ameneyo ndiye ndilibe pomusiya, ndim'bweza kufupi ndi likulu kuti tizimuona. Koma kuno zinthu zikuyenda. Ndingachotse bwanji munthu pamene zinthu zikuyenda? Mungandikhululukire inu?"

Amayi anayang'anana. Ena anagwedeza mitu kuti zoonadi, sangamukhululukire.

"Komanso," anapitiriza, akutembenukira kwa ine, "zimenezi zisathere pano. Kumbali ya ku Kazuni kuli ng'ombe zambiri. Mukayambitse kumenekonso. Njinga yamoto tiona."

Ndinatsokomola, koma tsopano chinali chenicheni, ndipo palibe anachimva. Amayi anali atayambanso kuimba. Zotsala anamulongedzera bwana m'kontena, akumulangiza kuti asaiike padzuwa. Pamene galimoto inkatembenuka ndinaona kumpando wa kumbuyo kuli chikwama ndi matiresi opindidwa a mnzanga wa ku Zomba uja. Iye mwini anali pakati pa katunduyo, ali m'tulo, kukamwa kuli yasa.

Amama anatsala pakhomo akupinda nsalu ya pagome. Anaipinda, anaifunyulula, anaipindanso.

"Sindinaname chilichonse, adada," anatero.

"Simunaname, amama."

"Boma lanuli ndi lachilendo."

Sanandiyang'ane. Anatola mbale zawo n'kumapita pang'onopang'ono, ndipo ndinaona kuti pofika pakhonde pawo anakhala pansi osatenga zoluka.

Ndinakabweza jekete kwa mlonda, n'kukwera kamtunda ka kuseri kwa msika. Akazi anga anayankha msanga, zooneka kuti foni inali m'manja tsiku lonse. Ndinafotokoza zonse mwadongosolo, kuyambira pa nyemba. Sanandidule mawu, chinthu chimene sichinachitikepo m'banja mwathu.

"Anadya mbale zingati?" anafunsa pomaliza.

"Zonse, mayi."

"Ndi dalaivala yemwe?"

"Ndi dalaivala yemwe."

Ndinkamva wailesi ya aneba athu a ku Dedza, ndi mwana akukoka mpando pasimenti.

"Ndinali nditachapa makatani," anatero. "Dikirani, mwana wanu akufuna foni. Mumuuze nokha."